Nyumba ya m'mbali mwa msewu ku Leicester, komanso nyumba yanu ya ku Area 49

Mayi,

Mwalemba kuti ndinu namwino ku Leicester kuyambira 2021, mwatopa ndi lendi, ndipo mwapeza nyumba ya £220,000 yomwe yakufikani pamtima. Vuto ndi lakuti nyumbayo yayang'anizana ndi msewu waukulu womwe magalimoto salekeza, ndipo inu masiku ena mumagona masana pochokera ku ntchito ya usiku. Mukufunsa ngati mutagula mungathe kukakamiza khonsolo kuchepetsa phokosolo kapena kukulipirani. Mwafunsanso za nyumba yanu ya ku Area 49 ku Lilongwe, yomwe alongo anu akuyang'anira: muigulitse tsopano kapena idikire, komanso ngati mungayambe kumanga pa puloti ina yomwe muli nayo. Ndikuyankha motsata malamulo a ku England. Ku Scotland ndi ku Wales msonkho wogulira nyumba uli ndi malamulo ake.

Ndiyambe ndi zowawazo. Phokoso la magalimoto oyenda pamsewu womwe unalipo kale inu musanagule, palibe amene mungamusumire. Lamulo la Environmental Protection Act 1990 limapatsa khonsolo mphamvu zoletsa phokoso losowetsa anthu mtendere, monga la wailesi ya neba, la galu wouwa usiku wonse, kapena alamu ya galimoto yoimikidwa pamsewu. Koma gawo 79 la lamulo lomwelo linapatula phokoso la magalimoto oyenda. Mukaimbira ofesi ya zachilengedwe ku khonsolo adzakumverani mwaulemu, kenako adzakuuzani zomwe ndakuuzanizi.

Chipukuta misozi chilipo, koma khomo lake ndi lopapatiza. Gawo loyamba la Land Compensation Act 1973 limalola mwini nyumba kufunsa ndalama ngati mtengo wa nyumba yake watsika chifukwa cha phokoso, kunjenjemera kwa nthaka, utsi, fungo kapena kuwala kwa magetsi kochokera ku msewu watsopano kapena wosinthidwa. Kusinthako n'kukuza msewu, kuusuntha, kuukweza kapena kuutsitsa, kapenanso kuwonjezera msewu wina pambali pake. Kungothira phula latsopano sikuwerengedwa, ndipo kungochuluka kwa magalimoto pamsewu womwewo sikuwerengedwanso. Wodandaula ayenera kukhala kuti anali kale mwini nyumba tsiku lomwe msewuwo unatsegulidwa. Dandaulo limaperekedwa pakatha chaka chimodzi msewu ukugwira ntchito, ndipo kuchokera pamenepo muli ndi zaka 6. Limapita kwa mwini msewu: National Highways ngati ndi motorway kapena umodzi mwa misewu ikuluikulu ya dziko, khonsolo ngati ndi msewu wa mumzinda. Mukasemphana pa ndalama, nkhani imapita ku bwalo la milandu la Upper Tribunal, nthambi yoona za malo.

Palinso malamulo a Noise Insulation Regulations 1975, omwe pa msewu watsopano amakakamiza mwini msewu kuikira nyumba zoyandikana nawo magalasi otchinga phokoso kapena kupereka ndalama zake. Nyumba iyenera kukhala mkati mwa mamita 300, phokoso lifike ma desibelo (muyezo wa kukula kwa phokoso) 68 poyeza kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka pakati pa usiku, ndipo likhale litakwera ndi desibelo imodzi kapena kuposa poyerekeza ndi kale. Chiwerengero cha 68 chimenechi ine ndimachiona kuti n'chokwera kwambiri. Bungwe la World Health Organization mu 2018 linalangiza kuti phokoso la pamsewu lisapitirire 53 tsiku lonse ndi 45 usiku. Kayezedwe kake n'kosiyana pang'ono, komabe mutha kuona kuti munthu angasowe tulo zaka zambiri lamulo lisanamuwerengere n'komwe.

Choncho mphamvu zanu zili panopa, musanasainire. Ku England, kuvomerezana mtengo sikumanga munthu. Chomanga ndi tsiku la exchange of contracts, pomwe maloya a mbali ziwiri amasinthana mapangano osainidwa ndipo wogula amapereka chikole, kawirikawiri 10 peresenti ya mtengo. Lisanafike tsikulo mukhoza kutsitsa mtengo womwe munatchula kapena kuchoka osalipira wogulitsa kanthu, kungotaya zomwe mwalipira kale loya ndi woyeza nyumba. Likadutsa, kubwerera m'mbuyo n'kutaya chikole chija, mwinanso n'kusumiridwa. Pa nyumba yanuyi ndi £22,000.

Lamulo la kumeneko limati wogula achenjere yekha. Wogulitsa sakakamizidwa kukuuzani kuti msewu umasokosa, poti muli ndi makutu anu. Chomwe saloledwa ndi kunama akafunsidwa. Amadzaza fomu yotchedwa TA6, yomwe mwa zina imafunsa za mikangano ndi madandaulo okhudza nyumbayo. Muuzeni loya wanu awonjezere mafunso olembedwa: kodi munadandaulapo za phokoso ku khonsolo, munalandirapo chipukuta misozi cha msewu, mawindo anasinthidwa liti ndipo setifiketi yake ili kuti. Akanama polemba, inu n'kugula modalira bodzalo, Misrepresentation Act 1967 imakupatsani poyambira. Zongouzidwa pakamwa ndi ejenti pakhomo n'zovuta kuzitsimikiza m'khoti. Loya wanu akafufuzanso ku khonsolo pogwiritsa ntchito fomu ya CON29, yomwe imaonetsa ngati pali mapulani a msewu watsopano kapena wokuzidwa mkati mwa mamita 200. Yankho lake muliwerenge nokha, musangomva kuti zonse zili bwino.

Ndipo chonde pitaniko pa nthawi yomwe inuyo mumagona. Ma ejenti amakonda kuonetsa nyumba Loweruka masana. Inu pemphani Lachiwiri cha m'ma 9 m'mawa, mulowe m'chipinda chogona, mutseke windo, mukhale chete mphindi khumi, kenako mulitsegule. M'chilimwe cha ku England nyumba zambiri zilibe makina oziziritsira, ndiye windo limafuna kutsegula. Ngati pafupi pali maloboti kapena siteji ya basi, mvetserani kunyamuka kwa magalimoto akuluakulu, chifukwa chodzutsa munthu nthawi zambiri ndi phokoso lodzidzimutsa, kuposa mkokomo wosalekeza uja.

Mukaganiza zogulabe, ntchito yochepetsa phokoso ili ndi malamulo akenso. Phokoso lambiri limalowera m'mawindo ndi m'timipata ta mphepo. Chothandiza kwambiri ndi windo lachiwiri loikidwa mkati, kusiya mpata wa masentimita 10 mpaka 20 pakati pa ilo ndi lakale, kapena magalasi okhuthala mosiyana okhala ndi kachikopa ka pulasitiki pakati. Kutsitsa ma desibelo 10 khutu limamva ngati phokoso lachepa ndi theka. Kusintha mawindo enieniwo kumafuna kutsata malamulo a zomangamanga: woika akhale wolembetsedwa ku FENSA kapena Certass, mabungwe ovomereza amisiri oika mawindo, apo ayi khonsolo idzayendere ntchitoyo. Setifiketiyo muisunge, tsiku lodzagulitsa adzaifuna. Ngati nyumbayo ndi ya lizi, werengani liziyo, chifukwa nthawi zambiri pamafunika chilolezo cholembedwa cha mwini nthaka. Ngati ili pa mndandanda wa nyumba zakale zotetezedwa, kusintha mawindo popanda chilolezo ndi mlandu.

Za mpanda ndikuchenjezeni, poti ife kwathu tinazolowera kuti ukagula nyumba umazunguliza mpanda wa njerwa wautali mmene ukufunira. Ku England, popanda chilolezo cha mapulani, mpanda woyang'ana msewu wa magalimoto sungapitirire mita imodzi, ndipo mbali zinazo mamita awiri. Mpanda wa mita imodzi phokoso limangoulumpha. Wothandiza ndi wolemera, wopanda mipata, wotalika moti kuchokera pawindo simukuona matayala a magalimoto, ndipo umenewo muyenera kuupempherera ku khonsolo, yomwe ikhoza kukana. Chipinda cha m'mwamba sichipindula nawo kwenikweni. Maluwa ndi mitengo yodzala m'mbali zimabisa msewu kumaso, khutu limangomvabe. Pezani mitengo ya ntchito zimenezi kwa amisiri awiri kapena atatu tsopano, muigwiritse ntchito pokambirana zotsitsa mtengo wa nyumba.

Tsopano nyumba ya ku Area 49, yomwe ikundidetsa nkhawa kuposa msewu. Anthu ambiri amaganiza kuti za kwathu sizikhudza msonkho wa ku England. Zimakhudza. Msonkho wogulira nyumba, Stamp Duty Land Tax, umayang'ana nyumba zomwe muli nazo pa dziko lonse lapansi. Pa mitengo yomwe inayamba pa 1 Epulo 2025, munthu yemwe sanakhalepo ndi nyumba kulikonse salipira kanthu pa nyumba ya £220,000. Inu mwayi umenewo mulibe, ngakhale mutagulitsa ya ku Lilongwe mawa, chifukwa munakhalapo kale mwini nyumba. Mukaigulitsa musanamalize kugula ya ku Leicester, msonkho wanu ndi £1,900. Koma ngati pa tsiku lomaliza kugula mudakali mwini wa ya ku Area 49, ndipo mtengo wake ukufika £40,000 kapena kuposa, mulipira 5 peresenti yowonjezera pa mtengo wonse, yomwe ndi £11,000, zonse pamodzi £12,900. Ngati muli pabanja, nyumba ya amuna anu imawerengedwanso ngati kuti ndi yanu.

Mwina mwamva kuti ndalama yowonjezerayi imabwezedwa ukagulitsa nyumba yakale pasanathe zaka zitatu. N'zoona, koma pokhapokha ngati nyumba yakaleyo inali pokhala panu penipeni nthawi ina m'zaka zitatu zomwe zisanafike tsiku logula. Inu munachoka mu 2021 ndipo m'nyumbamo muli alendi, choncho musadalire kubwezeredwa. Choyamba kuchita n'kupeza katswiri wovomerezeka woyeza mitengo ya nyumba ku Lilongwe, akulembereni mtengo wake, kenako uwerengedwe m'mapaundi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho nyumba yooneka yodula m'makwacha ikhoza kukhala pansi pa £40,000. Ikakhala pansi, yowonjezera ija simulipira, koma lipotilo mulisunge bwino. Kubisa nyumbayo pa fomu ya msonkho ndi chinyengo, ndipo wosaina ndinu.

Puloti yopanda kanthu siwerengedwa ngati nyumba. Koma nyumba yomwe ili mkati momangidwa lamulo limatha kuiwerenga. Langizo langa ndi lakuti musayambe kukweza zipupa mpaka za ku Leicester zitatha. Nthawi yodikirayi mugwiritse ntchito potsimikiza kuti mapepala a puloti ali m'dzina lanu ndipo pulani yavomerezedwa ndi khonsolo motsata Physical Planning Act 2016.

Mukasankha kugulitsa, lembani loya wanu wa ku Malawi, wosiyana ndi wa wogula. Iye akafufuze ku kaundula wa malo kuti nyumbayo ili m'dzina lanu ndipo palibe ngongole kapena chiletso pa iyo. Ngati malowo ndi a lizi, pafunika chilolezo cha amene anapereka liziyo, kaya ndi unduna wa za malo, Malawi Housing Corporation kapena khonsolo, ndipo lendi ya nthaka ndi msonkho wa mzinda zikhale zolipiridwa. Pafunikanso chikalata cha msonkho chochokera ku Malawi Revenue Authority. Kuti alongo anu asaine m'malo mwanu pafunika chikalata chowapatsa mphamvu, power of attorney, yosainidwa pamaso pa loya wotsimikizira zikalata (notary public) komweko ku England. Ilembedwe mopanikiza: itchule nambala ya puloti, mtengo wotsikitsitsa womwe mungalole, akaunti yolandirira ndalama, ndi tsiku lomwe mphamvuzo zidzathe. Sindikukayikira alongo anu. Pepala lotere limawateteza iwonso achibale ena akayamba kufunsa kuti ndalama zinapita kuti.

Kutulutsa ndalamazo m'dziko ndi pomwe pamachedwa. Zimadutsa ku banki motsata malamulo a Reserve Bank of Malawi, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa, choncho funsani banki yanu musanalonjeze tsiku lililonse ku Leicester. Ndikudziwa njira yomwe anthu amachita, yoti wina ku England akupatseni mapaundi inu n'kupereka makwacha kwa abale ake kumudzi. Pa ndalama yogulira nyumba musayerekeze. Kupatula kuti ikhoza kuphwanya malamulo a ku Malawi, loya wanu wa ku England akukakamizidwa ndi Money Laundering Regulations 2017 kutsata komwe ndalama yachokera, ndipo adzafuna pangano logulitsira, masitetimenti a banki ndi umboni wa kutumiza. Mapaundi ongotulukira kuchokera kwa anthu asanu osiyanasiyana akhoza kuimitsa zonse.

Poti mumakhala ku UK, phindu logulitsa nyumba ya ku Malawi likhoza kudulidwanso msonkho wa Capital Gains Tax, pa 18 kapena 24 peresenti, mutachotsa £3,000 yoyamba. Phindulo amaliwerengera m'mapaundi, kutengera mtengo wa kwacha tsiku lomwe munagula ndi tsiku logulitsa, ndipo zaka zomwe munkakhalamo nokha pamodzi ndi miyezi 9 yomaliza zimachotsedwa. Mwina lituluka laling'ono, koma liwerengedwe ndi wodziwa za msonkho. Lendi yomwe alendi a ku Area 49 akhala akulipira muitchulenso kwa iye.

Sabata ino muuzeni loya wa ku Leicester, polemba, kuti muli ndi nyumba ndi puloti ku Malawi, ndipo asasinthane mapangano mpaka lipoti la mtengo wa ku Area 49 litafika komanso inu mutakhala m'chipinda chija m'mawa wa tsiku la ntchito. Lipotilo likafika munditumizire pamodzi ndi kope la lizi ya malo a ku Area 49 ngati ilipo, kuti tione ngati kugulitsa kukufunika n'komwe.