Sonata za Bartók zikukuvutani? Yambirani kwa Debussy

Achimwene, mwati mwamvera sonata (nyimbo ya zida zokha yokhala ndi zigawo) yoyamba ya vayolini ndi piyano ya Bartók, wopeka nyimbo wa ku Hungary, koma zikumveka ngati oimba awiriwo sakugwirizana, ndiye mukufunsa poyambira. Makutu anu ali bwinobwino. M'sonata imeneyi, ya 1921, komanso yachiwiri ya 1922, Bartók anachita dala kuti chida chilichonse chizitsata njira yake. Nthawi zambiri piyano sibwereza zimene vayolini yaimba, ndiye mukadikira kuti zilandizane mawu musochera.

Yambani ndi sonata ya vayolini ndi piyano ya 1917 ya Debussy, wopeka nyimbo wa ku France. Ili ndi zigawo zitatu ndipo siikwana mphindi 15. Mverani chigawo chimodzi katatu: koyamba tsatirani vayolini yokha, kachiwiri dzanja lamanzere la woimba piyano, kachitatu zonse pamodzi. Ulendo wachiwiriwo ndiwo wofunika kwambiri, chifukwa mawu apansi ndi amene amakuuzani komwe nyimbo ikulowera. Sipika ya foni imameza mawu amenewa, choncho valani mahedifoni. Voliyumu muitchere pamene nyimbo ikumveka mokweza, musamaikweze pofika pachete.

Kenako mverani sonata ya 1927 ya Ravel, nayenso wa ku France, makamaka chigawo chachiwiri chotchedwa Blues. Poyambira pake woimba vayolini amakhwacha nsambo ndi zala ngati banjo, kenako n'kumatsetsereka kuchoka pa liwu lina kupita pa lina. Ndi chigawo chokoma zedi.

Mukabwerera kwa Bartók, funani chojambulidwa cha 1940 ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya ku Washington, ku America. Iye mwini ali pa piyano, Joseph Szigeti pa vayolini, ndipo anaimba sonata yachiwiri ya Bartók pamodzi ndi ya Debussy.