Achimwene, mzungu wodya chips pa chiwaya uja musamuderere

Mwafunsa kuti, "kodi zoti tourism ingatibweretsere forex ngati fodya ndi zoona kapena ndi nkhani za pa msonkhano chabe? Ine ndimangoona azungu a zikwama zikuluzikulu kumsana, makabudula ong'ambika, akudya chips pa chiwaya ngati ife tomwe, ndiye ndalama yake ili pati?" Ndaseka kaye ndisanayankhe chifukwa azungu amenewo ndikuwadziwa bwino. Ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi zitatu pa lodge ina kunyanja, ndinayambira kotsuka mbale mpaka ndinafika pa resepshoni pomwe ndinkaona ma booking ndi ma invoice ndi maso angawa. Ndilemba motalika pang'ono, amene bandulo yake yatsala pang'ono angodutsa.

Choyamba tigwirizane kuti tourist ndi ndani, chifukwa ambirife tikamva mawuwa timaganiza mzungu wa kamera pakhosi basi. Bungwe la UN loona zokopa alendo, lomwe likulu lake lili ku Madrid, limawerengera aliyense amene wadutsa malire nkukagona dziko lina usiku umodzi kapena kuposera apo, bola asapitirire chaka komanso asakhale kuti wapita kukalembedwa ntchito komweko. Ndiye mayi wa geni wokwera basi kupita ku Dar kukapikula katundu ku Kariakoo ndi tourist wa Tanzania. Wopita ku India kuchipatala ndi tourist. Asilamu opita ku Hajj ku Mecca, abusa opita kumsonkhano ku Nairobi, agogo okaona chidzukulu ku Joni, onsewo ali mu chiwerengero. Tikamati ndalama za tourism tikunena ndalama ya ndege, ya basi, ya pogona, ya chakudya, ya zogulagula za anthu onsewa.

Tsono manambala ake ndi awa. Mu 1950 maulendo odutsa malire oterewa analipo 25 miliyoni pa dziko lonse. Pofika 2019 anali atafika pafupifupi 1.5 biliyoni, ndipo ndalama zomwe alendowo anasiya m'maiko omwe anapitako zinali pafupifupi madola 1.5 thililiyoni chaka chimodzi chokhacho. Bungwe la makampani a zokopa alendo la WTTC likawerengera zonse, kuphatikizapo oyenda m'dziko lawo lomwe ndi mabizinesi odyera pamenepo, limapeza kuti ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a chuma cha dziko lonse lapansi, ntchito nazonso chimodzimodzi, imodzi pa 10 zilizonse. Anthu a ku China okha anawononga madola oposa 250 biliyoni kunja kwa dziko lawo mu 2019. France imalandira alendo pafupifupi 100 miliyoni pachaka, kuposa eni dziko omwe. Spain inalandira pafupifupi 94 miliyoni mu 2024. Thailand inali pafupi ndi 40 miliyoni Covid asanabwere. Pomwe Africa yonse ndi kukula kwake konseku imangopeza cha m'ma 5 peresenti ya maulendowa, ndiye mwa ochepawo ambiri amathera ku Morocco ndi Egypt chifukwa ndi pakhomo pa Europe, munthu amanyamuka ku Paris m'mawa nkhomaliro kukadyera ku Marrakech.

Chomwe a zachuma amaikondera nchakuti imagwira ngati katundu wogulitsa kunja koma osatumiza kanthu. Fodya mumalima, kuthyola, kufuwatsa, kumanga mabelo, kukagona ku okushoni, kenako galimoto mpaka ku doko la Beira kapena Durban. Mlendo amadzibweretsa yekha, thiransipoti yake amalipira yekha, amaona nyanja nkubwerera kwawo nyanja ija ili pomwepo, mawa tigulitsanso yomweyo kwa wina. Ndiye inde achimwene, ndalama ilimo ndipo ndi yambiri zedi. Zilumba ngati Maldives ndi Seychelles zimadya pomwepo.

Koma pano ndi pamene ndikufuna tikhalepo, chifukwa zomwe ndinaona pa resepshoni paja sizimakambidwa pa msonkhano. Tiyerekeze banja lochokera ku London likubwera masiku khumi, Liwonde kenako kunyanja. Ndalama yaikulu kwambiri pa ulendo wonse ndi tikiti ya ndege, ndipo pafupifupi yonseyo sifika kuno, imapita kwa eni ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Ulendo wonse amagula kwa ejenti wa kwawo komweko, amalipira mapaundi ku London, ejenti nkudulapo yake. Akabukitsa okha pa intaneti, Booking.com ya ku Amsterdam imadula komishoni yake cha m'ma 15 peresenti. Yotsalayo nthawi zambiri imalowa mu akaunti ya mwini lodge, ndipo ngati mwiniyo ndi wakunja akauntiyo ikhoza kukhala kunjanso, kuno nkumangobwera yolipirira antchito ndi zogula za kukhitchini. Ndiye lowani mu stoo ya lodge muone, vinyo wa ku South Africa, tchizi, batala, sosi, ma sheet a pabedi, injini ya boti, Land Cruiser, dizilo wa jenereta magetsi akazima, zonsezo tinagula ndi forex yomweyo imene tikuti yabwera. Mlendo amabwerera kwawo akunena kuti ndawononga madola masauzande ku Malawi, koma yomwe yagonadi ku Malawi ndi malipiro athu, msonkho, ndalama yolowera ku paki, chambo ndi kampango zomwe tinagula kwa asodzi, tomato, ndi ziboliboli ziwiri zomwe ananenerera mtengo mpaka wosema kutsala pang'ono kulira. Zili ngati kutunga madzi ndi dengu. Ndipo si vuto la ife tokha ayi, ku Caribbean amadandaula zomwezi ndi masitima akuluakulu aja oyenda ndi alendo masauzande, anthu amagona mu sitima, kudya mu sitima, kutsika maola ochepa kujambula zithunzi nkugula kachipewa basi.

Tsopano bwererani kwa mzungu wanu wa kabudula wong'ambika uja. Ameneyo patsiku amawononga zochepa, zoona, mwinanso amakangana ndi kondakitala pa chenji. Koma amakhala masabata atatu kapena mwezi wathunthu, amakwera minibasi, amakwera kabaza kuchokera ku Monkey Bay kupita ku Cape, amakwera Ilala mpaka ku Likoma kapena ku Nkhata Bay, amagona malo otchipa omwe ambiri amalemba anyamata a m'mudzi momwemo, amadya kwa amayi a pa msika, amasoketsa malaya a chitenje kwa telala wa pakhonde, amalipira mnyamata wa boti kuti akamuonetse mbuna ku Thumbi ndi kuponyera nkhwazi nsomba, akafika ku Mulanje amalipira gaidi ndi wonyamula katundu mpaka pa Sapitwa. Kwacha iliyonse yomwe watulutsa yagwera m'manja mwa munthu amene mawa akagula ufa ndi kulipira fizi. Ku Chembe kuli nyumba za malata zomwe zinamangidwa ndi ndalama ya anthu oterewa. Ine nditaona mbali zonse ziwiri ndinasiya kuwaseka.

Sindikunena kuti a ndalama zambiri aja ndi opanda ntchito. Rwanda inasankha dala njira imeneyo ndipo ikuwayendera. Kuyambira 2017 chilolezo chokaona anyani akuluakulu aja, ma gorilla, ndi madola 1,500 munthu mmodzi, ndipo mukawapeza mumakhala nawo ola limodzi lokha basi. Ndalama imeneyo imapita ku boma osati kwa ejenti, ndipo 10 peresenti ya zomwe mapaki apeza imapita ku zitukuko za midzi yozungulira. Mu 2018 anafika poika "Visit Rwanda" pa mkono wa jezi ya Arsenal, anthu anawanena kuti dziko losauka likupatsa ndalama timu yolemera, koma lero ndani sadziwa Rwanda. Botswana nayo ku Okavango imafuna alendo ochepa olipira zambiri. Kusiyana kwake nkoti anzathuwo anakhala pansi nkuona kuti ndalamayo aigwirira pati isanathawe.

Ife katundu wogulitsa tili naye, pamenepo musakayike. Lake Malawi National Park ili pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kwambiri pa dziko lonse kuyambira 1984 chifukwa cha mitundu ya nsomba yomwe sipezeka kwina kulikonse. Zojambula za pa miyala za ku Chongoni ku Dedza zinalowa mu 2006. Majete inali itatheratu nyama, bungwe losamalira mapaki la African Parks linayamba kuiyendetsa mu 2003, lero kuli njovu, zipembere, njati, akambuku ndi mikango. Liwonde ndi Nkhotakota anazitenga mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsa njovu pafupifupi 500 kupita ku Nkhotakota, nkhani inamveka dziko lonse. Nyika mukaiona simungakhulupirire kuti muli ku Malawi. Vuto ndi kufika. Kale British Airways ndi KLM zinkatera ku Lilongwe, pano wochokera ku Europe ayenera kusintha ndege pena pake, tikiti nkukwera mtengo, pomwe mnzake wopita ku Zanzibar kapena ku Cape Town amangokwera kamodzi. Akatera, msewu wochokera ku Rumphi kupita ku Nyika nthawi ya mvula ndi pemphero. Ndiye ikafika nthawi ija ya mizere ya mafuta, dalaivala amagona pa filing'i alendo akudikira ku eyapoti, ine ndinayankhapo ma email a anthu okansela ulendo chifukwa chongomva mphekesera kuti ku Malawi kulibe dizilo. Mu February 2024 boma linachotsa ndalama ya visa kwa anthu a maiko 79, aliyense wa mu bizinesi imeneyi anaombera m'manja chifukwa mlendo akamasankha pakati pa ife ndi Zambia kapena Tanzania amawerengera chilichonse. Ambiri omwe tinkalandira ife anali oti achokera ku paki ya South Luangwa ku Zambia kudzera ku Mfuwe ndi Chipata, aona nyama kumeneko nkubwera kuno kudzatsuka fumbi kunyanja masiku atatu, ndiye tinkadya nyenyeswa za ulendo wa eni ake.

Chinanso choti mudziwe musanataye khasu, bizinesi iyi ndi yamantha kwambiri. Mlendo akangomva za matenda, ziwawa za chisankho kapena chigumula amasintha ulendo tsiku lomwelo, sakakamizidwa kubwera. Mu September 2019 kampani yakalekale ya ku Britain ya Thomas Cook inagwa, ndipo dziko la Gambia lomwe alendo ake ambiri ankabwera kudzera mwa iyo linanjenjemera nyengo ya alendo itangotsala pang'ono kuyamba. Miyezi yochepa chabe kenako Covid, mu 2020 maulendo odutsa malire anatsika ndi zoposa 70 peresenti pa dziko lonse, ndipo zinatenga mpaka 2024 kuti chiwerengero chibwerere pafupi ndi pomwe chinali. Kwathu kuja tinauzidwa kuti bapitani kunyumba tikuitanani, ena sanaitanidwenso mpaka lero, anyamata osema ziboliboli anabwerera ku usodzi wa usipa. Mlimi wa fodya chaka chimenecho anagulitsabe fodya wake ngakhale movutikira.

Pali mbali inanso yomwe imandiseketsa, ife tikulira kusowa alendo anzathu akulira kuchuluka kwawo. Ku Venice anayamba mu April 2024 kulipiritsa ma euro 5 munthu wongobwera kudzayenda tsiku limodzi pa masiku otanganidwa. Ku Barcelona chaka chomwecho eni mzinda anachita zionetsero mpaka kuwathira alendo madzi ndi timfuti ta ana, chifukwa eni nyumba aona kuti kubwereketsa kwa alendo pa Airbnb kukulipira kuposa lendi ya pamwezi, ndiye mwana wobadwira momwemo akulephera kupeza pokhala. Musaganize kuti nzakutali, pitani m'mbali mwa nyanja ku Mangochi kapena ku Salima muone mipanda momwe yandandalikira, malo ena amayi amazungulira mtunda kuti akafike pochapira pomwe agogo awo ankachapira, asodzi kusowa pokokera ngalawa.

Ndiye ku funso lanu loti ingafanane ndi fodya, ine ndikuti ingathe kuthandiza kwambiri ndipo ili ndi tsogolo kuposa fodya yemwe dziko lonse likumenyana naye, nchifukwa chake inaikidwa pamodzi ndi ulimi ndi migodi mu ndondomeko ya boma ija yotchedwa ATM. Koma nduna ikamadzakuuzani kuti chaka chino kwabwera alendo ochuluka chakuti, mudzafunse kuti mwa amenewo ndi angati anagona mu lodge, angati anali abale athu a ku Chipata ndi ku Tete odzaona achibale kapena kudzagula katundu, ndipo ndalama yomwe inalowadi mu mabanki athu ndi zingati. Mudzafunsenso kuti nkhuku ndi ndiwo zamasamba zomwe mahotela akuphika akugula kwa ndani, chifukwa pa lodge pathu paja shefu ankafuna letesi ndi mazira tsiku lililonse mosadumphitsa, ndipo amayi atatu a m'mudzi omwe anakwanitsa zimenezo ankapeza ndalama kuposa ine wa yunifolomu.

Mwa njira, amene anatipulumutsa nthawi ya Covid sanali azungu. Anali anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre omwe sakanatha kupita ku Joni kapena ku Dubai, anayamba kubwera Lachisanu madzulo ndi ma cooler box ndi sipika, mabwana athu anatsitsa mitengo nkuyamba kutchaja makwacha, nsima inalowa pa menyu koyamba chitsegulireni lodge ija. Ndege zitayambanso kuyenda mitengo inabwerera ku madola, nsima inachoka, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 makasitomala aja ambiri sitinawaonenso.