Mwafunsa, Tayankha: Kodi Chodukacho Chimaphukanso?

Funso: Ndinamva kuti liverwort ndi brittle star zonse ukazidula zimameranso. Kodi n'zachibale? Wophunzira wa Fomu 3, Zomba.

Yankho: Chibale palibe. Liverwort ndi chomera, brittle star ndi nyama ya m'nyanja yamchere. Ngakhale kumeranso kwakeko n'kosiyana.

Liverwort simuchita kuifunira kutali. Yang'anani pamiyala yonyowa m'mbali mwa mitsinje ya paphiri la Zomba, kapena pamwamba pa dothi la m'machubu a mbande. Mtundu wotchedwa Marchantia umaoneka ngati kachikopa kobiriwira koyalidwa pansi. Ulibe mizu yeniyeni, maluwa kapena mitsempha yoyendetsa madzi. Umangogwirira dothi ndi tiubweya. Pamsana pake pali timakapu tokhala ndi timibulu tosakwana milimita imodzi. Dontho la mvula likagwera m'kapumo, timibuluto timathovokera pambali, kalikonse n'kumera pakokha. Ngakhale kachidutswa kongonyotsoka kamasanduka chomera chathunthu.

Apa m'pamene eni nazale amalakwitsa. Pofuna kuchotsa liverwort m'machubu, amapala ndi mpeni, zidutswa n'kutsalira, kenako amathirira kuchokera pamwamba ndi kheni, osadziwa kuti akufesa. Chotsani dothi lonse lapamwamba, masentimita awiri, mukatayire kutali. Chepetsani madzi ndi feteleza, ndipo pamwamba pa dothi pazikhala pouma musanathirirenso.

Brittle star, yomwe ilipo mitundu yoposa 2,000, ili ndi thupi lobulungira ngati kobiri ndi miyendo isanu yowonda, yopindika ngati njoka. Nsomba ikagwira mwendo umodzi, iyo imaudula dala n'kuthawa, monga amachitira buluzi ndi mchira wake. Mwendo watsopano umaphuka pathupipo pakatha milungu kapena miyezi, koma wodukawo umangophiriphita kanthawi kenako n'kufa. Subala nyama ina. Ilipo mitundu ingapo, monga Ophiactis savignyi ya miyendo isanu ndi umodzi, imene imachulukana podzigawa, koma imang'ambika pakati pa thupi penipeni, theka lililonse n'kutenga miyendo itatu.

Chodabwitsa china: ilibe potulukira chimbudzi. Zotsala zimatulukira kukamwa komwe kunalowera chakudya.

Musavutike kuifufuza ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay. Madzi opanda mchere amaipha. Kufupi kwambiri ndi kugombe la Mozambique, pansi pa miyala madzi akaphwa, ndipo mukaipeza muinyamule pachikhatho, osaigwira mwendo.