Yankho kwa azakhali pa zopaka mango kuti asaole msanga

Azakhali, mwaswera bwanji? Funso lanu pagulupu ndaliona, loti pa Facebook pali kanema wa anthu akupaka alovera pa mango kuti asaole msanga, ndiye mukufuna kudziwa ngati zingathandize pa maboloma amene mukupikula ku Salima. Ndati ndingojambula mawu, kulemba kutalika.

Eya, zimathandiza ndithu, si bodza ayi. Chipatso chikathyoledwa chimakhala chikupumabe. Chimakoka mpweya, chimataya madzi kudzera pakhungu, ndiye mango, nthochi, mapeyala ndi papaya zimatulutsanso kampweya kotchedwa ethylene kamene kamazipsetsa. N'chifukwa chake nthochi mukazivundikira zimapsa msanga, kampweya kaja kamasowa kothawira. Kupakako kumatseka pang'ono timabowo tapakhungu kuti kupuma kuchepe. Pang'ono chabe, azakhali, gwirani pamenepo.

Ndipo si zachilendo. Maapozi ndi malalanje ambiri onyezimira a m'mashopu aja amakhala atapakidwa phula, lina limatchedwa carnauba, lochokera ku masamba a mtengo wina wa ku Brazil. Ku California kuli kampani ya Apeel, inayamba mu 2012, imapanga zopaka pa mapeyala kuchokera ku mafuta a zomera. Ofufuza ena ayesapo utomoni wa mitengo ya mtundu wa mthethe, umene dziko la Sudan limagulitsa kunja kwambiri.

Kwa inu ine ndikadakonda muyambe ndi chinangwa, osati alovera. Alovera ali ndi madzi achikasu pansi pa khungu, owawa, amatsegula m'mimba, ndiye mukapanda kuwakhetsa bwino mudwalitsa makasitomala. Tengani manyokola, musende, musinje, mufinyire pansalu yoyera ndi madzi. Madziwo akadikha pansi pamatsala ufa woyera wosalala, ndiye sitachi ameneyo. Mumutsuke kawiri. Magalamu 20 mpaka 30 pa lita imodzi ya madzi, tingoti masupuni aakulu awiri kapena atatu. Muike pamoto mukutakasa mpaka kuyera kuja kuthe, ziyambe kunanda pang'ono koma zikhalebe zamadzimadzi. Zikazizira muviike mango otsuka, ouma, muwatulutse nthawi yomweyo, aume pamthunzi pathandala asanalowe m'kreti.

Tsono apa ndi pamene ndikukuchondererani. Musakandapaze poganiza kuti chochuluka ndiye chabwino. Mango akatsekeka kotheratu amayamba kusasa mkati, kunja akuoneka obiriwira bwinobwino, wogula akadula n'kumva fungo la mowa. Ameneyo mawa sabweranso pabenchi panu.

Chinanso, zopakazi sizichiza bango lodwala kale. Timadontho takuda timene timakula mango akamapsa ndi matenda ochokera kumtengo, makamaka mvula ikayamba. Mphutsi zija, ntchentche inaikira mazira bango lili pamtengo. Ndiye aja ochita kugwedeza mtengo n'kutola pansi, kenaka kuthithikiza m'thumba, munthu n'kukhalapo pamwamba pa lole kuchoka ku Salima mpaka ku Lilongwe, amenewo palibe chopaka chingawapulumutse. Zimandiwawa ine, chifukwa ndalama zanu zambiri zimathera pamenepo. Uzani okuthyoleraniwo athyole ndi manja, asiye kaphesi kuti utomoni usawaule khungu, ndipo katundu asagone padzuwa la Novembala ili.

Musayembekezere mwezi ayi, ndi masiku chabe owonjezera, koma pa geni masiku amenewo ndi ndalama. Ulendo uno musapake onse. Patulani khumi mupake, khumi ena ofanana nawo muwasiye, muike malo amodzi. Tsiku lililonse muzidula limodzi uku limodzi uku, mulawe, mununkhize, munditumizire zithunzi pompano kuti tione ngati tichepetse sitachiyo kapena ayi. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.