Bwanji achimwene anga akuwajambulabe m'mutu, mnzawo wa matenda omwewo anatulutsidwa kale?

Mayi wina amene amakhala ku Manchester wandilembera pa imelo. Achimwene awo anagwa m'bafa atakuwa kuti mutu wawawaza ngati wina wawamenya chibonga kunkhongo. Kuchipatala anati ndi subarachnoid haemorrhage, kutanthauza kutayika kwa magazi mozungulira ubongo, ndipo tsiku lotsatira anatseka mtsempha wophulikawo polowetsa tiwaya kudzera m'mphechepeche. Pabedi loyandikana panagona bambo wina wa matenda a dzina lomwelo, koma iye anapita kwawo patangotha masiku ochepa akuyenda yekha. "Nanga achimwene anga akuwapimabe chiyani m'mawa uliwonse? Kodi pali chimene akutibisira?"

Mayi, sindikuganiza kuti akukubisirani kanthu. Dzina ndi limodzi, koma magwero a magaziwo ndi osiyana.

Ubongo unakutidwa ndi nembanemba zitatu. Pakati pa ziwiri zamkati pali mpata wodzaza madzi, ndipo mitsempha ikuluikulu yodyetsa ubongo imadutsa mmenemo. Magazi akatayikira mumpatamu popanda ngozi, mwa odwala 100 pafupifupi 85 amakhala kuti chaphulika ndi aneurysm, kachotupa konga baluni pakhoma la mtsempha. Achimwene anu ali m'gulu ili. Ena pafupifupi 10 ali ndi mtundu wotchedwa perimesencephalic, umene Jan van Gijn ndi anzake ku Netherlands anaufotokoza mu 1985: magazi ochepa ataunjikana kutsogolo kwa tsinde la ubongo, chotupa osapezeka. Amenewa ambiri amachira bwinobwino, ndipo magazi m'ubongo mwawo amayenda monga mwa nthawi zonse. Sindinawaone bambo aja, koma ndikuganiza kuti ali m'gulu limeneli.

Vuto la aneurysm silitha pa tsiku lotseka chotupa. Magazi otayika aja akayamba kuwonongeka amanyanyula mitsempha imene aikuta, ndipo imafinyika ngati paipi yothirira dimba imene mwana waiponda. Izi zimayamba cha pa tsiku lachitatu, zimafika pachimake chakumapeto kwa sabata yoyamba, n'kumazirala pofika masiku 14. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse, mbali ina ya ubongo imaperewera magazi m'nyengo imeneyi. N'chifukwa chake anamwino amawadzutsa ngakhale pakati pa usiku kuti amwe nimodipine, mankhwala othandiza kuteteza ubongo ku vutoli, maola anayi alionse mpaka masiku 21.

Kamakina kamene amawapimira m'mawa uliwonse, kokagunditsa m'mbali mwa mutu pafupi ndi khutu n'kumalira ngati mphepo, ndi transcranial Doppler. Rune Aaslid anakayambitsa mu 1982. Sikajambula ubongo ayi, kamangoyeza liwiro la magazi. Mtsempha ukachepa, magazi amathamanga kwambiri. Liwiro likapitirira masentimita 120 pa sekondi mumtsempha waukulu wa m'mbali mwa ubongo, madokotala amatchera khutu; likapitirira 200, ndiye kuti wafinyika kwambiri. Ubwino wake ndi woti sikapweteka ndipo safunika kusuntha wodwala. Kuipa kwake, kwa anthu ena fupa la pamenepo ndi lochindikala moti sikamva kanthu, komanso sikaona timitsempha ting'onoting'ono.

Apa ndi pamene CT perfusion, njira yojambula ubongo ndi makina kuti aone mmene magazi akuyendera, imalowera, ndipo ine ndimaiona kuti ndi imene imayankha funso lenileni: kodi mnofu wa ubongo ukulandira chakudya? Amabaya mankhwala a ayodini pamkono, wodwala amamva kutentha thupi lonse kwa kanthawi, makina n'kumajambula malo amodzimodzi mobwerezabwereza pafupifupi mphindi imodzi. Kompyuta imatulutsa mapu a mitundumitundu osonyeza kuchuluka kwa magazi ndi nthawi imene atenga kudutsa. Ubongo wabwino umalandira pafupifupi mamililita 50 pa magalamu 100 alionse pa mphindi. Akatsika kufika cha m'ma 20, maselo amasiya kugwira ntchito koma akadali moyo, ndipo iyi ndi nthawi imene dokotala angakweze BP ndi mankhwala kapena kutsegula mtsemphawo ndi kachubu. CT perfusion sangaichite tsiku lililonse chifukwa cha cheza cha makina, komanso mankhwala a ayodini aja atha kuvulaza impso.

Inunso muli ndi ntchito pamenepo, chifukwa mumawadziwa kuposa makina. Mukaona kuti lero akungosinza, akusokoneza mayina a ana awo, kapena supuni ikuwapulumuka m'dzanja limene dzulo linali bwino, musadikire dokotala wa m'mawa. Itanani namwino nthawi yomweyo, ndipo mumuuze ola limene mwayamba kuziona.