Amalume, za magazi a mnyamata wa mpira uja

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko ku Mangochi? Funso lanu pa gulupu ndaliona, ndiye ndati ndingolankhula, kulemba kutalika. Mwati msuweni wangayo chigawo choyamba amathamanga bwinobwino, koma chachiwiri miyendo imalemera, mtima kumangogunda, ndiye anzake amuuza kuti magazi ake ndi olimba, azimwa aspirin asanalowe m'bwalo. Chonde amalume, asamwe ayi. Aspirin sasungunula magazi monga akuganizira anyamatawo, amangowachedwetsa kuundana. Akamuponda n'kutemeka, magazi achedwa kusiya, komanso mankhwala amenewo amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba.

Nkhani yake ili chonchi. Magazi athuwa, kuposa theka ndi madzi. Kwinako ndi maselo ofiira, amene amatenga mpweya wa okosijeni m'mapapo n'kukausiya m'minofu. Kwa mwamuna, pa magawo 100 a magazi, maselowo amakhala 40 mpaka 50. Akakhala ochulukirapo, munthu amapirira pothamanga. Koma akachulukitsa, magazi amakhala ngati phala lochuluka ufa, lovuta kutakasa, ndiye mtima umalimbana nawo kuti adutse m'timitsempha ting'onoting'ono tija.

N'chifukwa chake akatswiri othamanga a ku Kenya amakonzekera kumtunda, monga ku Iten, mamita pafupifupi 2,400. Kumeneko mpweya ndi wochepa, ndiye impso zimatulutsa chinthu china chotchedwa EPO, chimene chimauza mafupa kuti apange maselo ena. Thupi likamachita lokha, limadziwa polekezera. Koma opalasa njinga ena ku Ulaya ankachita kudzibaya EPO ameneyu, magazi n'kulimba mpaka kufika poopsa, moti mu 1997 bungwe lawo linalamula kuti amene maselo ake apyola magawo 50 aja asapikisane. Lance Armstrong uja anamulanda zikho zake 7 za Tour de France mu 2012 pa nkhani zangati zomwezi.

Tsono kwathu kunyanjako si ku Iten, amalume. Ine mnyamatayo ndikumukayikira zinthu ziwiri.

Choyamba ndi madzi. Dzuwa la ku Mangochi mu Okutobala mukulidziwa nokha. Munthu akamathamanga pamenepo, thukuta lokha limatha kukwana lita imodzi pa ola, mwinanso kuposa. Madziwo akuchoka m'magazi momwemo. Ndiye inde, pofika chigawo chachiwiri magazi amakhala atalimbadi, pamenepo anzakewo sananame, koma mankhwala ake ndi madzi akumwa basi. Ayambe kumwa kuyambira m'mawa, asadikire ludzu, pa hafu taimu amwenso. Akatuluka thukuta kwambiri, moti jezi ikauma imachita mizere yoyera ya mchere, asungunule paketi ya ORS mu lita imodzi. Aziyang'ana mkodzo wake: ukakhala wochepa, wachikasu kwambiri, adziwe kuti madzi atha. Ndipo zolimbitsa thupi asamadumphitse masiku, chifukwa wochita tsiku ndi tsiku thupi limawonjezera lokha madzi a m'magazi, magaziwo amayenda mofewa.

Chachiwirichi ndiye chikundidetsa nkhawa kwambiri. N'kutheka kuti magazi ake si olimba n'komwe, ndi ochepa. Malungo amaswa maselo ofiira aja, ndipo munthu amatha kuchira koma mphamvu n'kutenga masabata kuti ibwerere. Nanga likodzo? Ana a kunyanja amakulira m'madzi, kusambira, kukoka makoka, ndipo likodzo limabera munthu magazi pang'onopang'ono kudzera mu mkodzo. Anyamata zimenezi sanena, amachita manyazi. Mumufunse pambali ngati pomaliza kukodza amaona kadontho ka magazi. Mumutsitsenso chikope cham'munsi muone mkati mwake, ngati muli moyera m'malo mofiira, chimenecho ndi chizindikiro.

Apite kuchipatala akayezetse. Amangobaya pachala, kamagazi pang'ono, n'kuona Hb, muyeso wosonyeza ngati magazi ali okwanira. Kwa mwamuna ikatsika pansi pa 13 ndiye kuti magazi achepa. Apemphenso kuti amuyeze malungo ndi mkodzo. Likapezeka likodzo, mankhwala ake alipo, praziquantel.

Zakudya muli nazo pakhomo pomwepo: usipa wodya ndi mitu yomwe, nyemba, bonongwe, chiwindi chikapezeka. Aziwonjezera malambe kapena lalanje, zimathandiza thupi kutenga ayironi. Tiyi asamamwere pa chakudya pomwepo, amatchinga ayironiyo. Chidede chija azakhali amachikonda amwe ndithu, koma kufiira kwakeko si magazi, asachidalire chokha.

Chinanso amalume, akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena akakomoka m'bwalo, atuluke pompo, ngakhale kochi akalipe bwanji, ndipo asabwereremo mpaka adokotala atamuona. Akayezetsa mujambule zimene amulembera m'buku lakuchipatala munditumizire, ndidzaone nawo. Mupereke moni kwa azakhali.