Mugulireni Men at Arms poyamba, enawo atsatire

Achemwali, mwafunsa mabuku oti mugulire mwana wanu wa Fomu 3 amene amakonda nkhani za zolengedwa za m'nthano, ndipo mwati mukufuna omuthandiza kusanyoza anthu a mtundu wina koma osachita kumulalikira. Mupezereni mabuku a Terry Pratchett, mlembi wa ku England amene anamwalira mu 2015. Analemba mabuku 41 onena za dziko lake lopeka lotchedwa Discworld, koma chiwerengerocho chisakuopseni. Atatu okha akukwanira pa zimene mwafunsazi. Loyambirira la mndandandawo, la mu 1983, lisiyeni kaye.

Yambani ndi Men at Arms, la mu 1993. Nkhani yake ikuchitikira mumzinda wa Ankh-Morpork, momwe anthu amakhala limodzi ndi ma dwarf, afupiafupi andevu ochokera ku migodi ya m'mapiri, komanso ma troll, zimphona za matupi amwala. Mitundu iwiriyi ndi adani kuyambira makolo awo. Wolamulira mzinda alamula kuti apolisi ayambe kulemba ntchito mitundu yonse, ndiye dwarf wina dzina lake Cuddy ndi troll wotchedwa Detritus apezeka akulondera misewu limodzi, kutukwanizana njira yonse. Mzinda wonse umangodziwa kuti troll ndi mbuli. Tsiku lina awiriwa atsekeredwa m'nyumba yozizira koopsa yosungiramo nyama, ndipo Detritus ayamba kulemba masamu ozama pakhoma. Ubongo wa troll umafuna kuzizira kwa kumapiri kwawo, kutentha kwa m'tauni ndi kumene kumaufooketsa. Cuddy sanapepese ndi mawu okoma ayi. Anangomupangira mnzakeyo chipewa chachitsulo chokhala ndi kafani koziziritsa mutu. Mwana wowerenga apa amadzionera yekha kuti amene timamutcha wopusa nthawi zina wangoikidwa pamalo pomwe sangaonetse nzeru zake.

Lachiwiri, lomwe kwa ine ndi labwino kuposa onse, ndi Thud!, la mu 2005. Ma dwarf ndi ma troll amakumbukira chaka ndi chaka nkhondo yakalekale ya m'chigwa cha Koom, ndipo mbali iliyonse imaphunzitsa ana ake kuti anzawowo ndiwo anawabisalira. Tsiku lachikumbutso litayandikira, mtsogoleri wina wa ma dwarf amene ankalalikira chidani apezeka ataphedwa, pambali pake pali chibonga cha troll. Mkulu wa apolisi, Sam Vimes, ayenera kupeza wakupha mzinda usanayake moto. Chimene ndimalikondera bukuli n'choti Vimes mwiniyo si woyera mtima. Ali ndi mitundu imene amaida, akudziwa kuti amaida, ndipo tsiku ndi tsiku amalimbana ndi mtima wakewo kuti usalowe m'ntchito. Muli komanso kagulu ka achinyamata a mitundu iwiriyi amene amakumana m'chipinda chapansi kusewera masewera a pabolodi otchedwa Thud, ndipo aliyense amayenera kusewerako mbali ya mdani wake. Kuti upambane uyenera kudziwa momwe mnzakoyo amaganizira. Zomwe zinachitikadi ku Koom sindikuuzani, mwanayo akazipeze yekha kumapeto.

Lachitatu ndi Snuff, la mu 2011, koma ili liwerengeni inu kaye musanamupatse. Likunena za ma goblin, tizolengedwa tokhala m'mapanga timene malamulo satiwerengera ngati anthu. Akuluakulu a kumudzi amatigwira n'kutitumiza pa zombo kukagwira ukapolo m'minda ya fodya kutsidya la nyanja. Muli kupha ndi nkhanza zosabisa, choncho inu mukudziwa bwino ngati mwana wanu wafika poti n'kuzipirira. Pali chinthu chimodzi m'bukuli chimene sichindikhalira bwino, ndipo ndingakonde mutakambirana naye. Anthu olemekezeka a mumzinda avomereza kuti ma goblin ndi anthu pokhapokha atamva mtsikana wina wa mtunduwo akuyimba zeze mogwira mtima m'holo yaikulu. Nanga akanakhala wosadziwa kuyimba? Nanga anzake amene alibe luso lililonse loonetsa? Mufunseni mwanayo funso limeneli, mumve yankho lake musanamuuze lanu.

Chingerezi cha Pratchett si chophweka. Amakonda nthabwala zoseweretsa mawu komanso timawu tam'munsi mwa tsamba, ndipo zina zimafuna kudziwa moyo wa ku Britain. Muuzeni kuti asamaime pa liwu lililonse kufufuza mu dikishonale, azingopitirira, nkhaniyo imamveka ndithu. Masamba 50 oyambirira a Men at Arms akamuvuta, khalani naye muziwerengerana mokweza madzulo mpaka Cuddy ndi Detritus atayamba kuzolowerana.

Atsopano amadula. Yang'anani kaye kwa ogulitsa mabuku akale ndi ku laibulale, ndipo ngati muli ndi wachibale ku Britain kapena ku Joni, mutumeni akafufuze m'mashopu a kaunjika, chifukwa mabuku a mlembiyu anagulidwa ochuluka kwambiri. Ndalama zikakwana limodzi lokha, gulani Thud!, limamveka palokha ngakhale osawerenga enawo.